Mafunso a Owerenga: Mwana Akati Akufuna Usilikali

Zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, makalata ofunsa za usilikali amatichulukira, ndipo ulendo uno ambiri achokera m'boma la Kasungu. Ena alembedwa ndi achinyamata eni ake, ena ndi makolo amene tulo sakutiona chimvereni kuti mwana wawo akufuna kuvala jombo. Tasankhapo asanu ndi imodzi. Mayina tawabisa monga mwa nthawi zonse.

Ndili ndi zaka 20 ndipo ndinakhoza MSCE chaka chatha. Usilikali ndikuufunitsitsa koma poyambira sindikupadziwa. Vuto lina ndi lakuti pa satifiketi panalembedwa dzina la bambo anga, pomwe pa chitupa cha unzika pali dzina la agogo amene anandilera. Kodi zimenezi zingandilepheretse? Mnyamata wa ku Chamama

Achimwene, zingakulepheretseni ndithu, ndipo yambani kuzikonza lero, osadikira tsiku la chilengezo. Olemba usilikali amayala mapepala anu patebulo n'kuona ngati onse akukamba za munthu mmodzi: dzina, kalembedwe ka dzinalo, tsiku lobadwa. Pamzere pamakhala khwimbi la anthu, ndiye palibe amene angakhale pansi kumvetsera mmene agogo anakulererani. Mapepala akasemphana, amangoitana wotsatira.

Pitani ku ofesi ya kalembera ya NRB pa boma pomwepo. Tengani chitupa chanu, satifiketi ya MSCE, ya JCE ngati muli nayo, kalata ya amfumu yonena kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, ndi kholo kapena wokulerani amene ali ndi chitupa chake. Akakuuzani kuti mukalumbire, malumbiro otere amachitikira kwa majisitireti kapena kwa loya wololedwa kulumbiritsa anthu. Izi sizitha tsiku limodzi, mudzayenda maulendo angapo, n'chifukwa chake tikuti muyambiretu. Musayerekeze kufufuta kapena kulembapo nokha pa satifiketi, kubwereka ya mbale wanu, kapena kudzichepetsera zaka. Satifiketi iliyonse a MANEB amatha kuitsimikiza, ndipo bodza likaululika, ngakhale mutavala kale yunifolomu, ntchito imathera pomwepo ndipo nkhani imapita kupolisi.

Tsono za poyambira. Kuno kwathu usilikali ndi wodzipereka wekha, palibe amene amagwidwa kuti akalowe. Makomo ake akuluakulu ndi awiri. Pali la asilikali wamba, amene akamaliza maphunziro amayamba ndi udindo wa Private, ndipo pali la ma officer cadet, amene amatuluka ali Second Lieutenant ndipo amafunika kukhoza bwino koposa. Nthawi zina amaitananso anthu a luso lapadera monga azachipatala ndi amisiri. Maphunziro amachitikira ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima. Chilengezo chenicheni chimachokera kulikulu la gulu lankhondo la Malawi, MDF, ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe ndipo chimamveka poyera, pawailesi ndi m'nyuzipepala. Chiwerengeni mzere ndi mzere, chifukwa ndicho chimanena zaka, msinkhu, maphunziro ofunika, malo ndi tsiku. Wosakwana zaka 18 salembedwa, ndipo kawirikawiri malire amakhala zaka 24. Amafunanso mzika ya Malawi yopanda mbiri ya mlandu. Apa ndi pamene anyamata ena amadzitsekera okha khomo: mlandu wa chamba kapena wa ndewu ya kumowa umene unakafika kubwalo umamutsatira munthu.

Pepala lililonse lichitireni fotokope zitatu, ndipo enieniwo asungeni mu envelopu ya pulasitiki, chifukwa thukuta la m'thumba ndi mvula zimafufuta chidindo. Musapereke satifiketi yeniyeni kwa munthu wapanja amene akuti "ndikakuperekerani". Pafomu lembani nambala ya foni imene imakhala yoyatsa, osati ya mnzanu amene mwezi wamawa akhala atapita ku esiteti.

Munthu wina akundiimbira foni, akuti ndi mkulu wa asilikali ndipo akhoza kuika dzina la mwana wa mlongo wanga pamndandanda ndikamutumizira K600,000. Wanditumizira chithunzi chake pa WhatsApp atavala yunifolomu, ndipo akuti malo atsala awiri okha. Ndili ndi ndalama za fodya zimene ndimati ndigulire feteleza. Nditumize? Malume wa ku Santhe

Amalume, musatumize ngakhale tambala imodzi. Kulembedwa usilikali n'kwaulere. Fomu siigulidwa, malo sagulidwa, ndipo amene akukuimbiraniyo ndi mbava.

Akathyali amenewa ali ndi njira yawo, ndipo mukaidziwa simungagwemo. Manambala amawatola pamzere wa olembetsa, pa Facebook pamene achinyamata amalemba kuti "ndikufuna usilikali, nambala yanga ndi iyi", kapena kwa munthu wa m'mudzi mwanu momwemo amene amadya nawo. N'chifukwa chake amatchula dzina la mwanayo ndi mudzi wake, inu n'kukhulupirira. Chithunzi cha yunifolomu amachitenga pa intaneti. Mawu akuti "malo atsala awiri" ndi oti musapeze mpata wofunsa anzanu. Ambiri sayamba ndi ndalama yaikulu: lero akuti ya fomu, mawa ya adokotala, mkuja ya jombo, mpaka akaona kuti mwauma, amataya simu khadi. Ena ndi ochenjera koposa. Amatolera ndalama kwa mabanja ambirimbiri osachita kalikonse, ndiye mwana mmodzi akapambana ndi mphamvu zake, iwo amati ndi ntchito yawo, ndipo banja limenelo ndilo limawaitanira makasitomala chaka chotsatira. Choipitsitsa ndi kalata yabodza yoitanira mwana ku maphunziro. Banja limapha nkhuku, mwana amatsanzika mudzi wonse, amakwera basi mpaka ku Salima, n'kukabwezedwa pageti dzina lake palibe.

Ngakhale atakhala msilikali weniweni, musapereke. Lamulo lothana ndi katangale limagwira onse awiri, wolandira chiphuphu ndi woperekayo, ndipo mwana wolowa mwa njira imeneyi amakhala ndi chingwe m'khosi ntchito yake yonse.

Musafufute mauthenga kapena nambalayo. Pitani nazo kupolisi, ndipo mukhozanso kudziwitsa bungwe lothana ndi katangale la ACB. Ngati pali wina amene watumiza kale kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, asunge uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita, umene umakhala ndi nambala yake, ndipo aimbire kampani ya foniyo nthawi yomweyo, chifukwa ndalama ikangotapidwa kwa ejenti kuibweza kumavuta. Kalata iliyonse yoitanira mwana kaitsimikizeni ku ofesi ya bwanamkubwa musanagule ngakhale chikwama. Ngati mukufuna kumuthandiza mwanayo, mugulireni nsapato zothamangira, mumupatse ya thiransipoti ndi ya fotokope, ndipo muonetsetse kuti akudya mokwanira. Yotsalayo kaguleni feteleza wanu.

Ndine mtsikana wa zaka 19. Ndinayamba kuthamanga masabata awiri apitawo, makilomita 5 tsiku lililonse pamsewu wa tala, koma tsopano miyendo ikupweteka kutsogoloku, m'munsi mwa bondo. Anzanga akuti ndizimwa Brufen n'kumapitiriza. Anyamata kuno akuti usilikali si wa akazi. Mtsikana wa ku Nkhamenya

Achemwali, za anyamatawo zisakutayitseni nthawi. Asilikali achikazi alipo m'gulu lankhondo, ena ali ndi maudindo akuluakulu, ena anapitako kale kunja kukasungitsa mtendere. Nkhani imene yatidetsa nkhawa ndi miyendoyo.

Mwayamba ndi mlingo waukulu kwambiri. Mtima ndi mapapo zimazolowera kuthamanga m'masabata ochepa, koma fupa limatenga miyezi kuti likhwime. Ndiye munthu amamva kuti mpweya ulipo, n'kumaonjezera mtunda, pomwe fupa likulandira nkhonya zimene silinakonzekere, makamaka pa tala. Khalani pansi muyendetse chala pa fupalo. Ululu ukakhala wofalikira motsatira fupa, siyani kuthamanga sabata imodzi kapena awiri, muzingoyenda ndi kupalasa njinga. Koma ukakhala pamalo amodzi oti chala chimodzi n'kuphimba, ukamakula mukadumpha ndi mwendo umodzi, kapena ukamakudzutsani usiku, fupalo likhoza kukhala litayamba kung'aluka. Pitani kuchipatala. X-ray nthawi zambiri sionetsa mng'alu wotere m'masabata awiri kapena atatu oyamba, choncho isakunamizeni kuti muli bwino. Umafuna kupuma masabata 6 mpaka 8, ndipo mukaukakamiza fupa limathyoka.

Brufen musamwe kuti muthamangire. Amangotseka pakamwa ululu umene ukukuchenjezani, ndipo akakumana ndi thupi louma madzi padzuwa amapweteka impso.

Ululu ukatha, dzipatseni miyezi itatu. Masabata awiri oyamba muzithamanga masiku atatu pa sabata, pakati pake tsiku lopuma: mphindi 2 kuthamanga, mphindi imodzi kuyenda, mpaka zikwane mphindi 20. Kuyambira sabata lachitatu muzichepetsa kuyendako mpaka muzitha mphindi 30 osaima, pa liwiro loti mukhoza kulankhula ndi mnzanu. Mtunda wa sabata lonse musauonjezere koposa gawo limodzi mwa magawo 10. Pofika sabata lachisanu ndi chiwiri, tsiku limodzi likhale la liwiro: zungulirani bwalo la mpira kamodzi mwamphamvu, yendani theka la bwalo, bwerezani kasanu ndi kamodzi. Bwalo lokwanira bwino kulizungulira ndi pafupifupi mamita 350, ndiye katatu ndi kilomita imodzi ndi kakuti. Sankhani bwalo kapena msewu wafumbi, tala musiyireni magalimoto. Masiku opuma chitani mapushapu, masikwati ndi masitiapu, magawo atatu pa chilichonse, ndipo ngati mapushapu akukanika yambani mutagwada. Kamodzi pa sabata yendani makilomita 5 mutabereka chikwama cha makilogalamu 5 a mchenga, n'kumaonjezera kilogalamu imodzi pakatha masabata awiri. Msilikali amayenda ndi katundu kwambiri kuposa mmene amathamangira.

Nsapato za pakaunjika zilibe vuto bola pansi pake pasakhale podyeka mbali imodzi. Kaziyezeni madzulo, phazi litafufuma, mutavala sokosi, ndipo kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wa chala chamanthu. Pamalo pamene nsapato ikukhula pakani Vaseline thuza lisanatuluke. Likatuluka musasende khungu lake.

Chinthu china chimene atsikana sauzidwa ndi kuchepa kwa magazi. Msambo umachotsa ayironi mwezi ndi mwezi, ndipo mtsikana wochepa magazi amapuma wefuwefu pa mtunda umene anzake akuseka. Kayezetseni. Muzidya nyemba, soya, usipa, mazira, mtedza, bonongwe ndi chisoso, n'kutsitsira gwafa, mango kapena malambe, chifukwa zipatso zimathandiza thupi kutenga ayironi. Tiyi amatsekereza, choncho muzimwa patapita ola mutadya. Musadzimane nsima pofuna kuchepa thupi. Msambo ukasiya miyezi itatu mulibe pakati, ndiye kuti thupi likuperewera chakudya ndipo mafupa akufooka. Pitani kuchipatala. Ndipo dziwani kuti maphunziro amenewa munthu woyembekezera sangawachite.

Kasungu ndi kumtunda, Salima ndi kunyanja, ndipo dzuwa la kumeneko mu Okutobala ndi Novembala ndi lina. Thupi limatenga masiku 10 mpaka 14 kuti lizolowere kutentha. Muziyang'ana mkodzo: woyera bwino ndiye kuti madzi akukwana, wachikasu kwambiri ndiye kuti akuperewera, koma ukada ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pa masewera olimba, minofu ikupweteka kwambiri, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa impso zili pangozi. Mukatuluka thukuta lambiri imwani Thanzi, kapena sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Mnzanu akayamba kudzandira kapena kulankhula zosamveka padzuwa, m'gonekeni pamthunzi, m'thireni madzi thupi lonse, mum'kupize, ndipo mupite naye kuchipatala osazengereza.

Masiku atatu omaliza tsiku losankha lisanafike, pumulani. M'mawa wake imwani phala maola awiri kapena atatu musanathamange. Zakumwa zija amati zopatsa mphamvu zisiyeni, zimathamangitsa mtima ndi kukweza BP nthawi yomwe adokotala akufuna kukuyezani.

Ndili mwana ndinkadwala mphumu, panopa imandigwira nyengo yozizira yokha. Agogo akuti andipezera mankhwala achikuda oti adokotala asaone kanthu. Anzanga akuti ndingokana kuti sindinadwalepo. Mnyamata wa ku Chulu

Musabise, achimwene. Kupimidwa kuja si msampha woti muudumphe, kulipo kuti musakafere kumaphunziro. Kumeneko kuli fumbi, utsi, kugona panja usiku wozizira, kuthamanga ndi katundu kutali ndi chipatala, zonse zimene zimadzutsa mphumu. Ndipo mlangizi amene sakudziwa za matenda anu akakuonani mukutsalira, adzaganiza kuti ndi ulesi n'kukukakamizani kuthamanga, panthawi imene mukufunika mankhwala. N'chimodzimodzi ndi khunyu, matenda a mtima ndi sickle cell. Munthu wa khunyu atanyamula mfuti yodzaza kapena akuwoloka mtsinje saika pachiswe moyo wake wokha.

Agogo akuchita zimenezi chifukwa cha chikondi, koma palibe mtengo umene ungabise kulira kwa m'chifuwa kwa dokotala amene waika chomvetsera pamsana. Mankhwala ena osadziwika mlingo wake amapweteka chiwindi ndi impso, ndiye mukhoza kulephera chifukwa cha mankhwalawo.

Tengani buku lanu la kuchipatala mupite pa chipatala cha boma miyezi iwiri kapena itatu nthawi isanakwane, mukanene zoona zonse. Apimeni chifuwa, maso, makutu, mano, mkodzo, kuchuluka kwa magazi ndi BP, imene iyenera kukhala pansi pa 140/90. Zambiri zimene zimagwetsa anthu n'zochizika zikadziwika msanga: likodzo limatha ndi praziquantel, dzino lobooka limamatidwa kapena kuzulidwa, phudzi limachitidwa opareshoni, magazi amabwerera. Za mphumu yanu adzagamula ndi madokotala a asilikali eni ake. Akakukanizani zidzawawa, koma njira zina zilipo: sukulu zaluso za pansi pa TEVETA, ngakhalenso koleji ya aphunzitsi ya ku Kasungu konko.

Mwana wanga wamwamuna ndi mmodzi yekha, bambo ake anatisiya. Wandiuza kuti walembetsa usilikali. Ndimamva za ana a anthu amene amabwera m'mabokosi kuchokera ku Congo, ndipo ndaganiza kuti kalata yomuitana ikafika ndiibise. Mundiuze zoona, musandinyengerere. Mayi wa ku Mtunthama

Amayi, mwapempha zoona ndipo tikuuzani. Kuyambira mu 2013 asilikali a Malawi akhala akutumikira kum'mawa kwa DR Congo pansi pa United Nations, limodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa, m'gulu limene linapatsidwa mphamvu yomenyana ndi zigawenga. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi Beni polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete, amene anafa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania wovulala, ndipo mu 2019 United Nations inam'lemekeza ndi mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima. Mu Januwale 2025 ena atatu, amene anali pansi pa SADC, anaphedwa pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 cha ku Goma, ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analamula kuti asilikali athu amene anali pansi pa SADC akonzekere kubwerera. Aliyense wa amenewa anali mwana wa mayi wina. Mantha anu si achabe.

Koma zoona zili ndi mbali inanso. Mwana sachoka ku MAFCO n'kukwera ndege ya ku Congo. Amayamba watumizidwa ku gulu lake, ndipo opita kunja amachita kaye maphunziro ena apadera. Zaka zambiri za msilikali zimathera m'dziko momwemuno: ku Cobbe Barracks ku Zomba, ku Moyale ku Mzuzu, ku Kamuzu Barracks, ku Chilumba, kwa asilikali apamadzi ku Monkey Bay, kapena kwa asilikali a zomangamanga amene ali ku Kasungu komweko. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, asilikali ndiwo ankafukula anthu m'matope ku Chilobwe ndi kuwolotsa otsekeredwa ndi madzi m'maboma a kum'mwera. Chimene sitingakulonjezeni ndi chakuti adzasankha yekha kopita. Msilikali akalamulidwa amapita.

Kalatayo musaibise. Mwana wakwana zaka zake, ndipo adzamva ndithu kwa anzake kuti dzina lake linatuluka. Akadzalembetsanso chaka chamawa sadzakuuzani, ndipo adzachoka osatsanzika. Chimenecho ndicho chidzakupwetekeni koposa. Itanani atsibweni ake mukhale naye pansi, osati kumuzenga mlandu koma kumufunsa. Akufuna usilikali weniweniwo, kapena watopa ndi ulova? Akudziwa kuti si ganyu yoti ukatopa umangosiya khasu n'kumapita? Angathe kulamulidwa ndi munthu wamng'ono kwa iye osayankha? Akudziwa kuti Khirisimasi ina, maliro ena, ngakhale tsiku lobadwa mwana wake, zidzam'peza ali pantchito? Walira mvula walira matope. Akayankha mafunso amenewa akukuyang'anani m'maso, m'dalitseni apite ndi mtima umodzi, chifukwa mwana amene maganizo ake atsalira kwa mayi olira ndiye amalakwitsa pogwira chida. Muuzeninso poyera kuti inu mudzakhala bwanji iye kulibe, ndani adzakulimireni, ndani adzakuperekezeni kuchipatala. Nkhani imeneyi ikambidwe abale ali pomwepo.

Pali zina zimene zimawononga msilikali wachinyamata mwakachetechete, ndipo pa zimenezi mawu a mayi amagwira ntchito kuposa a bwana wake: mowa wa pa malipiro, zibwenzi zosadziteteza, ngongole, ndi kukwera njinga yamoto ataledzera. Ndipo akadzabwera kuchokera kunkhondo, muzimuyang'anitsitsa. Kulota zoopsa, kudzidzimuka chitseko chikamenyeka, ukali wosadziwika mutu wake, kudzipatula, kumwa kuti agone, zikapitirira mwezi ndi matenda ofuna chithandizo, si kulodzedwa kapena kunyada. Kuntchito kwake kuli madokotala ndi abusa, chipatala cha boma chili ndi oona za maganizo, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Aletseni achibale kumufunsa kuti "unapha angati". Akafuna kukamba adzayamba yekha.

Mwana wanga wasankhidwa ndipo apita ku Salima posachedwa. Tim'konzere chiyani, ndipo tizimva bwanji za iye? Azing'ono ake atatu ali ku sekondale ndipo tonse maso ali pa iye. Bambo wa ku Chisemphere

Bambo, tikukuyamikirani pamodzi ndi mwanayo. Potenga katundu tsatirani zimene zalembedwa m'kalata yomuitana, osaonjezera za mtengo wapatali chifukwa zimangosowa. Tinthu ting'onoting'ono ndito timapulumutsa: masokosi okwanira, sopo, Vaseline, polishi ndi burashi, singano ndi ulusi, loko wolimba, ndipo chilichonse chilembedwe dzina. Awenge zikhadabo za kumapazi mowongoka, chifukwa jombo yatsopano imazilowetsa m'mnofu. Mankhwala alionse amene akumwa akawaonetse kwa azachipatala a kumeneko tsiku loyamba. Ku Salima udzudzu ndi wambiri, choncho thupi likatentha akayezetse malungo tsiku lomwelo, asapirire poopa kuoneka wofooka. Bala kapena ululu wa fupa akanenenso msanga kuti zilembedwe, chifukwa chovulala chimene sichinalembedwe chimavuta kuchilondola patsogolo.

Maphunziro amatenga pafupifupi theka la chaka, ndipo masabata oyamba kudzakhala zii. Wophunzira usilikali sakhala ndi mpata wocheza pafoni, ndiye kukhala chete kwakeko si chizindikiro cha tsoka. Sankhani munthu mmodzi pabanja woti azilandira ndi kupereka mauthenga. Za mbuzi yosowa kapena mkangano wa malire a munda zidikire. Uthenga wa maliro a wachibale wapafupi udutse kwa akuluakulu a pasukulupo, osati kumunong'oneza kudzera kwa mnzake. Tsiku lina mwina adzaimba akulira kuti zam'kwana. Mumvetsereni, mum'limbitse mtima, koma musamuuze kuti athawe. Kuthawa usilikali ndi mlandu woweruzidwa kubwalo la asilikali. Ngati zalephereka ndithu, njira yake ndi kudzera kwa alangizi, adokotala kapena abusa a komweko. M'kumbutseninso kuti msilikali savala makaka a chipani ndipo saika pa Facebook zithunzi za mkati mwa baraki kapena za kumene gulu lake likupita.

Pa za ndalama tilankhula mosapsatira. Malipiro a Private ndi ochepa poyerekeza ndi maso amene ali pa iye. Choopsa ndi ngongole zodulidwa pa malipiro: mwana akangoyamba kulandira, obwereketsa amam'thamangira, achibale amam'kakamiza, ndipo pakutha pa chaka amapezeka akulandira kachidutswa, n'kuyamba kupita kwa a katapila. Gwirizanani chinthu chimodzi chimene angakwanitse, kaya fizi ya mwana mmodzi pa teremu, kaya matumba awiri a feteleza pa chaka, ndipo abale ena adziwe kuti malire ndi amenewo. Akaunti ya kubanki ikhale m'dzina lake, PIN ikhale yake yekha.

Pomulemba adzam'funsa dzina la wachibale woyenera kudziwitsidwa pakagwa kanthu. Asankhe munthu wokhazikika, wa foni yopezeka, ndipo akadzakwatira kapena kubereka akasinthe zolembedwazo, chifukwa mikangano yambiri ya chuma cha masiye imayambira pa fomu yakale imene palibe anaikumbuka. Alembenso wilo. Ambiri amati n'kudziitanira imfa, koma ndi pepala chabe loteteza otsala. Malinga ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, wilo ikhale yolembedwa, yosainidwa ndi mwiniwake pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, ndipo mbonizo zisakhale anthu amene akulandirapo kanthu. Lamulo lomwelo limati kulanda chuma cha mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu.

Akadzamaliza perete womaliza maphunziro n'kutumizidwa ku gulu lake, lembani m'kope nambala yake ya usilikali, dzina la gululo ndi malo amene lili, n'kusunga pamodzi ndi fotokope ya chitupa chake. Ku ofesi za asilikali munthu amafufuzidwa ndi nambala, ndipo a Banda ndi a Phiri kumeneko alipo ambirimbiri.